Pasiwedi ya Alamu Anga

Turffontein, Joni
12 Malichi 2023

Okondedwa mayi a Tione,

Landirani moni inu pamodzi ndi ana athu, Tione ndi Cyril. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira sabata yatha, koma chapita. Achimwene anu a Mclean nawonso ali bwino. Ati mukapita ku Khuyu mukawauze akazi awo a Kate kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi akumwa, asamade nkhawa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Pa foni timangofunsana za m'thupi, ana n'kuyamba kulimbirana, netiweki ya ku Yofu n'kuduka. A Douglas, amene amanyamula katundu wa anthu kupita ku Nkhata Bay, ati envulopu aziinyamula ulere n'kukaipereka kwa anthu okwera sitima yobwera ku chilumbako. Ndiye ndizilemba.

Munandifunsa kuti ntchito imene achimwene anu anandipezerayi ndi yotani, poti amayi anzanu ku tchalitchi amakufunsani inu n'kusowa choyankha. Kampani yathu imasamalira makompyuta a makampani ena. Ku Midrand kuli chipinda chozizira ngati mufiriji, momwe muli makompyuta akuluakulu otchedwa maseva. M'kati mwa seva imodzi mumakhala timakina tina makumi anayi kapena asanu, toti munthu sangagwire ndi dzanja, timangooneka pa sikirini. Kena kamasunga maina a antchito, kena kamalondola malole a katundu, kena makalata. Ife ntchito yathu ndi kupanga tatsopano, kukonza todwala, ndi kufufuta tomwe tatha ntchito. Tilipo anthu asanu, koma timakinato tikupitirira chikwi. Amayiwo muzingowauza kuti amagwira za makompyuta, zinazi n'zotopetsa.

Alamu amachita zonsezi kamodzikamodzi, kudina apa, kudina apo, monga anazolowerera. Musaiwale kuti iwo anayamba ndi kukoka mawaya m'madenga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Salakwitsa, koma dzuwa limawalowera. Ine ndayamba kulemba timalamulo totchedwa sikiripiti, zimene ndinaphunzira ku Mzuzu zija. Umalemba kamodzi, makina n'kumachita okha pa timakina zana nthawi imodzi. Abwana sindinawaonetse. Ndikuopa kuoneka wothamanga magazi, miyezi isanu yokha chibwerere.

Kangachepe ndatumiza pa foni. Denga la khitchini lija musadikire kuti ligwe, mupeze munthu mvula ikangotha. Tione asamajombe kusukulu chifukwa choyanika usipa, ngakhale agogo ake amuitane.

Ndine wanu,
Ambrose


Turffontein
21 Meyi 2023

Mayi a Tione,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti Cyril anadwala malungo, ndathokoza kuti munathamanga naye msanga ku chipatala ku Chipyela. Kuno tili bwino, koma chisanu chayamba, chopweteka m'mafupa, ndipo magetsi akungozimazima. Alamu andibwereka jekete lawo lakale, manja ake amandipitirira zala.

Nkhani yabwino ilipo. Abwana athu, mayi Nomsa, anandipeza ndikuyesa sikiripiti ija. Anaima kumbuyo kwanga, kenako anati ndiyese pa timakina mazana atatu tomwe timafunika kukonzedwa. Ntchito imeneyi gulu lonse limaigwira sabata yathunthu. Ine ndinayamba titangomwa tiyi, isanakwane nthawi ya nkhomaliro yatha. Mayiwo anaitana aliyense kuti adzaone.

Kenako anatembenukira kwa alamu nati, "A Mclean, muphunzire kwa mlamu wanuyu, dziko likupita uku." Anyamata awiri amene timagwira nawo anaseka, wina n'kuyamba kutsanzira momwe alamu amadinira ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno. Mayi a Tione, inenso ndinaseka. Sindinaseke kwambiri, koma alamu anandiona.

Pobwerera tinakwera tekisi imodzi. Titadutsa m'tauni alamu anati, "Ambrose, wachita bwino. Koma chinthu chothamanga chonchi, tsiku limene chidzalakwitse chidzalakwitsanso mothamanga." Ndinayankha kuti ndimayesa kaye ndisanachite. Anangogwedeza mutu. Titafika anaphika ndi iwo, ngakhale linali tsiku langa.

Chondivuta n'chakuti akaunti yanga ilibe mphamvu zonse. Kufufuta kapena kuzimitsa timakina tikuluakulu amaloledwa ndi alamu ndi mayi Nomsa basi. Ine akuti ndidikire chaka chikwane. Zinthu zambiri ndikanazimaliza kale.

Mafuta ophikira akwera kunonso, musaganize kuti ndi kwanuko kokha. Ndaika nsapato za Tione m'katundu wa a Douglas. Zikakula asazitaye, phazi likula.

Wanu,
Ambrose


Turffontein
9 Julayi 2023

Mayi a Tione,

Moni. Ndili moyo. Ndikhulupirira inu ndi ana muli bwino.

Pepani kuti foni sindikuyankha kawirikawiri. Kuntchito kunachitika vuto lalikulu kumapeto kwa mwezi watha, tagwira Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Zakonzeka, koma nkhani yake sinathe.

Alamu akhala kaye pakhomo masiku ano. Sakudwala. A Kate akakufunsani, munene kuti simukudziwa kanthu, chifukwa n'zoonadi simukudziwa. Eni ake adzafotokoza okha.

Za denga ndamva, mwachita bwino. Za mbuzi chitani momwe mukuonera.

Muzindipempherera.

Ambrose


Turffontein
6 Ogasiti 2023

Mayi a Tione,

Moni kwa inu ndi ana. Thupi langa lili bwino, kudya kokha ndi kumene kukundivuta.

Kalatayi akupatsirani ndi achimwene anu, pamanja. Ntchito yawathera. Akubwera kwathunthu, ndi mabokosi awo onse. Chonde mukapite ku Khuyu mukawalandire bwino, mutenge nkhuku yaikulu ija. Musawafunse mafunso. Wina akayamba kufunsa pamaso panu, musinthe nkhani.

Anyamuka mawa m'mawa pa basi. Ndawauza kuti sinditha kuwaperekeza ku siteshoni chifukwa kuntchito kuli zambiri. Ayankha kuti, "Palibe kanthu, pita ku ntchito, ndi imene tinabwerera." Andisiyira mbaula, mapoto, bedi, ndi jekete lija. Ndinakana, iwo anangoziika pakona n'kupitiriza kumanga katundu.

Dzulo kunabwera anthu akwathu a pachilumba okhala kuno, kudzatsanzikana nawo. Aliyense anaima n'kunena momwe a Mclean anamulandirira atangofika ku Joni, wina anagona pansi m'chipinda chino miyezi itatu. Itafika nthawi yanga ndinangoti zikomo, n'kukhala pansi. Anthu anaganiza kuti ndi chisoni.

Ndaika bulangeti la a Kate ndi sopo. Munene kuti zachokera kwa inu.

Chipinda chino ndikhalamo ndekha. Chakula kwambiri.

Ambrose


Turffontein
15 Okutobala 2023

Okondedwa mayi a Tione,

Moni. Kalata yanu ndinailandira masabata atatu apitawo. Ndachedwa kuyankha, osati chifukwa chosowa pepala. Ndakondwa kuti Tione wakhoza bwino, mumuuze kuti bambo ake anyadira.

Mwalemba kuti achimwene anu akumauza anthu pamsika ku Chipyela kuti mlamu wawo ndi katswiri, kuti makina chikwi amamumvera. Chonde muwapemphe asiye. Musandifunse chifukwa chake.

Mwalembanso kuti anthu akunong'onezana kuti a Mclean anawachotsa chifukwa cha kuba, ena akuti mowa. Mayi a Tione, munthu uja sanabepo ngakhale waya wotayidwa, ndipo mowa anasiya mwana wawo Mervis asanabadwe. Amene akunena zimenezo muwauze kuti ine ndakana. Ndinawerenga mzere umenewo ndili m'tekisi, ndinatsika ndisanafike, n'kuyenda wapansi.

Nanga za Mervis n'zoona, kuti mwina sabwereranso ku koleji ku Mzuzu chaka chamawa? Mwana uja watsala ndi chaka chimodzi kuti akhale namwino. Ndinayesa kutumiza kanthu kwa bambo ake, anabweza tsiku lomwelo, ati ndisamalire ana anga. Yesani inuyo kudzera kwa a Kate.

Mwafunsa ngati kuntchito kuli bwino. Andikweza. Mphamvu zonse zija andipatsa chaka chisanakwane, ndipo ndikukhala pa desiki ya alamu, pafupi ndi zenera. M'dirowa ndinapezamo kabuku kawo, momwe ankalemba ndi pensulo kamakina kalikonse, mwini wake, ndi nambala ya munthu woti umuimbire usanakhudze kanthu. Masamba makumi asanu ndi limodzi. Anyamata aja ankafuna kukataya, ndinawalanda. Pamalo pa alamu sanalembe munthu wina. Akuti masikiripiti anga akukwanira.

Ku tchalitchi ndikupita, koma ku Mgonero sindikupita kutsogolo. Abambo ansembe anandifunsa pakhomo, ndinati ndili ndi chifuwa.

Pali nkhani imene ndiyenera kukuuzani. Ndayamba kawiri, ndang'amba kawiri.

Wanu,
Ambrose


Turffontein
19 Novembala 2023

Mayi a Tione,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndili bwino m'thupi. Kalata iyi muwerenge muli nokha, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanaganize chochita nane.

Amene analakwa kuntchito kuja ndine. Achimwene anu sanalakwe.

Linali Lachisanu, pa 30 Juni. Maseva anali atadzaza, ndipo mayi Nomsa analamula kuti timakina takale tifufutidwe mwezi usanathe. Ntchitoyo inali ya alamu. Ankachita monga mwa chizolowezi chawo, kuyang'ana m'kabuku, kuimbira mwini wake, kenako kufufuta kamodzi. Pa mazana awiri anali atamaliza makumi asanu ndi awiri. Tsiku limenelo anali ndi nthawi ku chipatala, ya kuthamanga kwa magazi kuja. Ponyamuka anandilembera pasiwedi yawo pa kapepala. Anati, "Kamakina ka kampani ya malole kakuvutavuta. Akaimba foni, ukazimitse n'kukayatsanso. Kamodzi komweko basi. Usakhudze china."

Ine ndinali nditalemba kale sikiripiti ya ntchito yomweyo, mobisa. Inkayang'ana tsiku limene kamakina kanagwiritsidwa ntchito komaliza, kakapitirira miyezi itatu, n'kukafufuta. Ndinkafuna kuti alamu pobwera apeze zonse zatha. Ayi, ndisaname. Ndinkafuna kuti mayi Nomsa aitanenso anthu kudzaona.

Pali njira yoyesera kaye, yoti sikiripiti imangokuonetsa mndandanda wa zimene ifufute, osafufuta. Imatenga mphindi khumi. Sindinachite. Ndinalowa ndi dzina la alamu n'kuiyendetsa.

Chimene sindinadziwe n'chakuti timakina tina tinalibe tsiku lolembedwa, pamalopo panali popanda kanthu. Sikiripiti yanga inatenga popanda kanthupo ngati kalekale. M'mphindi zinayi inafufuta timakina makumi atatu ndi kamodzi tamoyo, tambiri ta kampani ya malole ija. Ndinaona maina akuzimiririka pa sikirini, chala changa chikulephera kupeza poimitsira. Mafoni onse a muofesi anayamba kulira nthawi imodzi. Malole anaima masiku awiri osadziwa kopita, madalaivala akugona m'magalimoto, zakudya zikuwola m'mbuyo.

Alamu anabwera thonje likadali pamkono pomwe anawatenga magazi. Anayang'ana sikirini, anandiyang'ana ine, anavula jekete n'kukhala pansi. Tinabweza timakinato kuchokera ku makope amene timasunga padera mpaka Lamulungu masana. Kabuku kawo kaja ndi kamene kanatiuza kuti tiyambe ndi kati. Sanandifunse kanthu.

Makina amalemba dzina la aliyense amene wachita chinthu, ndipo dzina linali lawo. Pa mlandu anati, "Ndine. Ndinkafuna kuyesa za achinyamatazi, zandikanika." Kenako akuluakulu a kampani anandiitana ine ngati mboni. Mayi Nomsa anandifunsa kuti, "Ambrose, sikiripiti iyi ndi yako. Inafika bwanji m'manja mwa a Mclean?" Alamu anali atakhala moyang'anana nane, akuyang'ana pa tebulo. Ine ndinayankha kuti, "Inali pamalo poti aliyense akhoza kuitenga."

Mawu amenewo ndi amene ndinanena, mayi a Tione. Munthu amene anandilipirira basi, anandigoneka pa bedi lake iye n'kugona pansi, anakandigwadira kwa abwana kuti andilembe.

Titafika kunyumba ndinagwada kuti ndipepese. Anandidzutsa mwaukali. Anati, "Ukanena, tichotsedwa tonse, iwe chifukwa chofufuta, ine chifukwa chokupatsa pasiwedi. Ine ndakula, ana ako ndi aang'ono. Tseka pakamwa, ndipo mlongo wanga asamve." Ndinamvera, chifukwa kumvera kumeneko kunandikomera.

Tsopano mwamva. Zonse zimene mwalandira kuyambira Julayi, mudziwe kumene zikuchokera. Mukafuna kundiyankha mundiyankhe, mukapanda kutero ndimvetsa.

Ambrose


Turffontein
17 Disembala 2023

Okondedwa mayi a Tione,

Moni kwa inu, Tione ndi Cyril. Ndili bwino.

Masabata awiri simunayankhe foni yanga. Kenako uthenga wanu unabwera, mizere iwiri: "Mervis wabwerako ku Mzuzu ndi katundu wake yense. Inu mukudziwa chochita." Ndinauwerenga ndili pa desiki. Sindinadikire kuti mtima ubwerere m'malo, ndinanyamuka n'kukagogoda kwa mayi Nomsa.

Ndinawauza zonse monga ndinakulemberani. Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Ndinkadziwa. A Mclean ndagwira nawo zaka khumi ndi chimodzi, sanafufutepo kanthu asanaimbe foni. Funso lija ndinakufunsa dala, kuti uyankhe. Ndadikira miyezi isanu." Ndikanakonda akanandikalipira.

Mlandu unakhalanso Lachiwiri lapitali. Andichotsa, osati chifukwa cha kufufuta kokha, koma chifukwa cha bodza. Chilolezo changa chokhalira kuno chinamangidwa pa ntchito imeneyi, ndiye ndikubwera. Ndinapempha kuti alamu abwezeredwe. Akana. Ati kupereka pasiwedi ndi mlandu pawokha, komanso malo awo anatsekedwa. Chimene mayi Nomsa akwanitsa ndi kalata, yosainidwa ndi kudindidwa, yonena kuti a Mclean sanafufute makina aja ndipo anagwira ntchito mokhulupirika zaka zonse. Atinso akudziwa kampani ina ku Lilongwe imene ingafune munthu wosamala ngati iwo, awalembera. Sindikudziwa ngati ziphula kanthu. Kalatayo ndaisunga m'Baibulo kuti isapindike.

Masiku awiri omaliza anandilola kuonetsa anyamata aja masikiripiti onse. Ndaikamo lamulo loti palibe imene ingafufute kanthu isanaonetse mndandanda, munthu wachiwiri n'kuvomereza. Ndi mizere isanu ndi umodzi yokha. Ndinailemba m'mphindi zochepa.

Lachitatu ndinawaimbira alamu n'kuwauza zonse, ndi za kalata ija. Sindinawamvepo akukuwa chonchija. Anati, "Wopusa iwe! Ndinataya ntchito kuti mmodzi atsale, tsopano tonse tili pansi! Ukuganiza kuti wandithandiza? Wangofuna kuti mtima wako upepuke. Ana a mlongo wanga adya kalata imeneyo?" Mwina akunena zoona. Anadula foni.

Ndinakhala pa bedi foni ili m'manja. Ndinaganiza zoti ndikadzatsika sitima ndidzadikire anthu athe padoko, ndidzazembe njira ya kuseri mpaka ku Yofu.

Patapita theka la ola anaimbanso. Mawu anali atatsika. Anafunsa tsiku limene ndinyamuke, ndinati pa 3 Januwale. Anafunsa ngati mabokosi ndamanga bwino, ati a pa boda amang'amba zomanga mwaulesi. Kenako anati, "Nkhaniyi a Kate ndawauza, Mervis ndamuuza. Akwiya, ndipo akwiya nthawi yaitali. Pofika mawa chilumba chonse chikhala chitamva. Ndiye tamvera. Ukatsika sitima usadzabisale. Udzadutsa pamsika masana, anthu akuona, ndipo udzapereka moni kwa aliyense."

Ndinati, "Alamu, sindingathe ndekha."

Anati, "Ndani wanena kuti udzakhala wekha? Bokosi limodzi ndidzasenza ine."

Choncho inu musavutike kubwera padoko ndi ana. Mundidikire kunyumba, ngati mundilola kulowa.

Ndine mwamuna wanu,
Ambrose